Sewero Loima Pakati: Mafunso ndi Mayankho pa Zisudzo Zokambirana za Ufulu Wachibadwidwe mu Lilongwe

Ndakhala ndikuchita zisudzo za pabwalo m'madera a Lilongwe kwa zaka zingapo tsopano: ku Chinsapo, Mtandire, Kauma, Mgona, ndi kumidzi ya ku Mitundu ndi Nathenje. Mafunso ali m'munsimuwa ndi omwe ndimakumana nawo kawirikawiri. Ena amachokera kwa mafumu tikapita kukapempha bwalo, ena kwa aphunzitsi, ena kwa achinyamata ofuna kuyambitsa gulu lawo, ndipo ovuta kwambiriwo amachokera kwa amayi omwe amatsalira sewero likatha.

Zisudzo zokambirana n'chiyani, ndipo zikusiyana pati ndi sewero lomwe tinazolowera?

Sewero lomwe tinazolowera limakhala ndi mathero. Woipa amagwidwa kapena kulapa, wabwino amapambana, anthu n'kuwomba m'manja, aliyense n'kumapita kukaphika. Sewero lokambirana limaima pamene zinthu zafika poipa penipeni. Mayi akulandidwa katundu, mtsikana akukakamizidwa banja, mnyamata wa kabaza wakhala m'chitolokosi masiku anayi. Pamenepo timaimitsa, n'kufunsa oonerera kuti: zithe chonchi? Akakana, timawauza kuti bwerani mudzationetse. Munthu amadzuka pomwe anakhala, kulowa m'bwalo, kutenga malo a woponderezedwa uja, n'kuyesa njira yake pamaso pa anthu onse.

Ife azisudzo sitibwera ndi yankho. Timabwera ndi vuto lokonzedwa bwino, lopweteka mokwanira kuti munthu alephere kukhala pansi.

Tatiuzani momwe zimakhalira kwenikweni pabwalo.

Ndikuuzani za sewero limodzi lomwe talichita kangapo. Bambo wogwira ntchito ya njinga yamoto wamwalira pangozi. Wasiya mkazi, ana atatu, njingayo, makina osokera ndi nyumba yomwe anali asanamalize kufolera. Tsiku lotsatira maliro, mkulu wake wa malemu wafika ndi ngolo. Salankhula mwaukali ayi. Akuti, "Alamu, pepani ndi zovutazi. Katunduyu tikasunge kumudzi, kuno kutauni akuba ngambiri. Anawa ndi athu, tiziwaona." Akutero akumasula kale malata. Mayi uja akuti, "Koma alamu, makinawo ndi omwe ndimadyetsera ana." Iwo akuti, "Munabwera nawo kuchokera kwanu makinawo?" Sewero limathera pomwe ngolo ikunyamuka, mayi ali chikhalire pamkeka.

Tsiku lina ku Chinsapo, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi kiyosiki ya madzi, tinalibwereza kachiwiri monga mwa dongosolo, titauza anthu kuti aliyense woona kuti mayiyu akanatha kuchita china afuule kuti "Imani!" Woyamba kufuula anali mayi wobereka mwana kumbuyo. Anapatsira mnzake mwanayo, natenga mpango wakuda womwe wosewera wathu anavala kumutu. Iyeyo anasankha kugwada n'kuchonderera. Wosewera mbali ya alamu, yemwe tinamuphunzitsa kuti asamagonje msanga, anangoti, "Dzukani alamu, mutichititsa manyazi," n'kupitiriza kulongedza. Anthu anang'ung'udza. Mayi uja anabwerera pamalo pake akupukusa mutu.

Wachiwiri anali mnyamata. Anatenga mpango uja, anthu n'kufa nazo ziseko, kenako anatola chikuni kuti amenye alamuwo. Wotsogolera zokambirana anaimitsa nafunsa: mayi wamasiye wa tsiku limodzi, ali pakati pa abale a mwamuna wake, angatole chikuni? Akatola, mawa lake adzagona kuti? Anthu anayankha okha kuti zimenezo n'zam'mafilimu.

Wachitatu anali gogo wina wowonda, wovala sikipa ya mpingo. Sanalankhule ndi alamu aja n'komwe. Anakakhala pamwamba pa makina osokera, n'kuyamba kulira maliro mokweza, akuitana oyandikana nawo mmodzimmodzi: "Anaphiri, bwerani mudzaone! Anabanda, tulukani!" Chodabwitsa n'chakuti amayi asanu mwa oonerera anadzukadi, nalowa m'bwalo, nakhala mozungulira makinawo. Wosewera wathu anasowa pogwira. Anayang'ana wotsogolera ngati akufunsa kuti nditani, chifukwa zimenezi sitinaziyeserere. Mmodzi mwa amayiwo anatuma mwana kuti akaitane amfumu, ndipo amfumu enieni, omwe anakhala pampando kutsogolo, anaimirira n'kulowa m'seweromo.

Apa m'pamene tinatchula lamulo. Tinanena kuti lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, kuti katundu wa m'nyumba amatsala ndi wamasiyeyo, ndiponso kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu angamangidwe nawo. Tikanayamba ndi mawu amenewa, anthu akanangogwedeza mitu. Titawanena gogo uja ali pamakina, mafunso anagwa ngati mvula: nanga njinga ikakhala kuti anagula ndi ngongole ya m'bale wake? Nanga akazi akakhala awiri? Dzuwa linalowa tikadali pomwepo.

Kodi zimenezi si zachizungu? Zinachokera kuti?

Dzina la Chingerezi la zisudzo zimenezi loti Forum Theatre ndi ndondomeko yake zinachokera kwa Augusto Boal wa ku Brazil. Boma la asilikali la kwawo linamumanga mu 1971, kenako anathawira kunja. Iye mwini ankafotokoza kuti ali ku Peru mu 1973, ankachita masewero omwe oonerera ankangopereka maganizo, azisudzo n'kumawasewera. Mayi wina anakwiya poona kuti azisudzowo akulephera kuchita zomwe iye ankanena, mpaka Boal anamuuza kuti akwere yekha adzaonetse. Mayiyo anakwera, ndipo njirayi inabadwa pamenepo. Pambuyo pake Boal anasankhidwa kukhala khansala mumzinda wa Rio de Janeiro, komwe ankagwiritsa ntchito masewero pofunsa anthu malamulo omwe akufuna. Anamwalira mu 2009.

Kuno kwathu, gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College ku Zomba linayamba kuyesa zisudzo zachitukuko kumayambiriro a zaka za m'ma 1980. Mu 1981 linakagwira ntchito ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, ndipo cha m'ma 1985 linayamba kuthandiza pa ntchito za umoyo m'midzi ya ku Liwonde. Aphunzitsi monga Christopher Kamlongera ndi David Kerr ndi omwe ankatsogolera. Imeneyo inali nthawi ya chipani chimodzi, pomwe sewero lililonse la pagulu linkayenera kudutsa kaye ku bungwe lounika zisangalalo pansi pa lamulo la 1968, ndiye nkhani zinkazungulira pa zitsime ndi zimbudzi, zaufulu zikunenedwa mophiphiritsa. Pambuyo pa riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi malamulo aakulu a dziko a 1994, khomo linatseguka. Lero mabungwe ngati Theatre for a Change kuno ku Lilongwe ndi CRECCOM ku Zomba amagwiritsa ntchito njira zoterezi.

Koma ine ndikamva wina akuti n'zachizungu, ndimamufunsa ngati anamverapo nthano yopanda "Tilitonse". Wokamba nthano kwathu kuno sayenda yekha. Omvera akakhala chete, nthano imafa. Pabwalo la milandu aliyense amakhala ndi mpata woponyapo mawu. Mayi wokwiya ndi apongozi ake ankaimba pamtondo, mudzi wonse n'kumva, popanda womugwira pakamwa. Boal anatipatsa dongosolo chabe. Chizolowezi cholowerera nkhani ya mnzako tinali nacho kale, ndipo n'chifukwa chake ku Lilongwe kuno suvutika kupeza wofuula "Imani!" Vuto limakhala kuwaletsa kuti asalowe khumi nthawi imodzi.

Bwanji osangoitanitsa msonkhano n'kuwawerengera anthu malamulo?

Chifukwa ambiri amadziwa kale kuti kumenya mkazi n'kulakwa. Chomwe sakudziwa n'choti anene chiyani usiku womwe amva kulira kuchipinda cha lendi choyandikana nacho, khoma lake la njerwa imodzi. Agogode? Aitane alandilodi? Nanga mwamunayo akakhala kuti ndi amene amawabwereka makala? Msonkhano sufika pamenepo. M'sewero munthu amayesa kugogodako, n'kumva mawu ake omwe akunjenjemera, n'kuona kuti sanafe.

Chinanso, pamsonkhano amalankhula ndi anthu omwewo: amfumu, abusa, apampando a komiti. Mtsikana wa zaka 15 sangakweze dzanja pamaso pa amalume ake. Koma atavala chipewa cha m'sewero amatha kuuza "amalume" a m'seweromo mawu omwe wakhala akuwameza chaka chonse, ndipo wina akafuna kumudzudzula, anthu amati, "Aaa, ndi sewero ili."

Nkhani ya sewero mumaitenga kuti?

M'dera momwemo. Tisanasewere timakhala masiku angapo tikuyendayenda: pamjigo, pachigayo, pamalo oimika njinga, pabawo, pagulu la banki m'khonde. Sitinyamula mapepala a mafunso. Timathandiza kusenza ndowa, timagula chimanga chootcha, timamvetsera. Chomwe chatchulidwa ndi anthu ambiri osiyanasiyana ndicho chimasanduka sewero, ngakhale chitakhala chosiyana ndi chomwe tinkaganiza tikunyamuka.

Apa ndivomereze cholakwa chomwe chimandiwawabe. Tikuyamba kumene, mayi wina anatifotokozera nkhani yake ya nkhanza za m'banja, ndipo inali yogwira mtima moti tinaiika m'sewero pafupifupi momwe inalili. Tinasintha mayina okha. Tinasiya ntchito ya mwamunayo, chiwerengero cha ana, ngakhale kamwambi komwe ankakonda kunena akaledzera. Sewero lisanafike pakati, mitu ya anthu inali itatembenukira kwa mayi uja. Anadzuka mwakachetechete n'kuchoka. Ife madzulo tinakwera minibasi kubwerera kwathu. Iye anakagona m'nyumba imodzi ndi mwamuna yemwe anali atamva kale zonse. Tinamva pambuyo pake kuti anapita kwawo kumudzi kwa miyezi ingapo.

Kuyambira pamenepo lamulo la gulu lathu n'lakuti sewero limodzi lisanganize nkhani za anthu osachepera anayi. Wa kabaza asanduke wogulitsa kaunjika, ana atatu akhale mmodzi, ndipo tisanasewere timaonetsa kaye anthu awiri atatu a m'deralo n'kuwafunsa kuti, "Mwamuzindikira munthu aliyense?" Akangomwetulira mokayikitsa, timabwerera kukakonzanso.

Wotsogolera uja ntchito yake n'chiyani? Bwanji ena amamutcha Joka?

Dzinali ndi la khadi la njuga lija lomwe lilibe mbali. Wotsogolera amaima pakati pa osewera ndi oonerera. Amafotokoza malamulo a masewerawo, amaitana anthu, amaimitsa, amafunsa. Chovuta kwambiri pa ntchito yake ndi kutseka pakamwa. Munthu akapereka yankho lomwe iye sakugwirizana nalo, monga lakuti banja ndi kupirira, saloledwa kukwinya nkhope. Amangoti, "Chabwino mayi, bwerani mupirire tione," kenako n'kufunsa gulu kuti kupirirako kwathera pati.

Ayeneranso kukhala ndi maso. Abambo atatu akalankhula motsatizana, atembenukire kumbali ya amayi. Aone amene wakhala panjinga ya olumala kumbuyo kwa gulu, komwe sakuona chilichonse. Amfumu akayamba kugamula mlandu nthawi isanakwane, awabweze mwaulemu: "Zikomo gogo chalo, mawu anu tiwasungire kumapeto, poti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Timve kaye anawa." Wotsogolera wosadziwa kulankhula ndi mafumu asayerekeze kupita kumudzi.

Ndi nkhani ziti zaufulu zomwe zimatuluka kwambiri kuno ku Lilongwe?

Chuma cha masiye chili patsogolo, ndipo mutauni muno chimavuta mwapadera. Lilongwe chikhalireni likulu mu 1975 wasonkhanitsa anthu a m'zigawo zonse. Mchewa wa ku Dedza, komwe ana amatsata kuchikazi, amakwatirana ndi Mtumbuka wa ku Rumphi, komwe kuli malowolo ndipo ana ndi akuchimuna. Maliro akagwa, mbali iliyonse imabwera ndi mwambo wake, ndipo puloti ya ku Area 25 sili m'mwambo wa aliyense.

Kenako maukwati a ana. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti atseke mpata womwe unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Anthu ambiri izi anazimva, makamaka kudzera mu mbiri ya Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza yomwe inathetsa maukwati ambiri otere. Chomwe chimabuka m'sewero ndi funso lotsatira: mwanayo tamuchotsa kubanja, ali ndi pakati, kunyumba kulibe ufa, ndiye atani? Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka ilipo, koma mwana wakhandayo atsala ndi ndani? Sindinaonepo bwalo lomwe linapeza yankho lophweka pamenepa, ndipo ndimakayikira sewero lililonse lomwe limanamizira kuti lilipo.

Achinyamata amakonda nkhani za apolisi. Ambiri sadziwa kuti ndime 42 ya malamulo aakulu imati womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, kapena kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Okalamba amabweretsa nkhani yonamiziridwa ufiti. Gulu limadabwa kumva kuti pansi pa lamulo la 1911 wolakwa ndi amene waloza mnzake chala kuti ndi mfiti. Palinso nkhani za atsikana antchito za m'nyumba omwe amachoka kumudzi n'kudzagwira miyezi osalipidwa, za anthu achialubino, ndi za anzathu othawa kwawo a ku Dzaleka m'boma la Dowa, omwe ena amawatchula ndi dzina limodzi lonyoza ngakhale achokera m'mayiko osiyanasiyana.

Ena amati ufulu wachibadwidwe ndi umene ukuwononga ana ndi chikhalidwe. Mumawayankha chiyani?

Sindiwayankha, ndimawapatsa mbali m'sewero. Bambo wonena kuti ana a masiku ano sakumva chifukwa cha ufulu, nthawi zambiri akunena chinthu chenicheni: mwana wake wamuyankha mwano, ndipo iye akusowa chochita poti chikoti achiletsa. Timuike m'bwalo ndi "mwana" wotere, ayese njira zina, anzake amuthandize. Mukamutseka pakamwa ndi ndime za malamulo, apita kunyumba ali ndi maganizo omwe aja, kuwonjezapo mkwiyo.

Ndaonanso kuti mawu oti ufulu ali ndi katundu wolemera kuno. Ambiri anawamva koyamba nthawi ya matipate, ndiye amawamva ngati chilolezo chochita zilizonse. Tikayamba ndi mawu ngati ulemu, umunthu, chilungamo, kapena funso loti akanakhala mwana wanu mukanamva bwanji, timafika pamalo omwewo popanda mkangano wa mawu. Ndipo chikhalidwe si chinthu chimodzi. Pa sewero lina la kusasa fumbi, amene anatsutsa mwambowu mwamphamvu kuposa tonse anali anamkungwi, omwe ananena kuti iwo chinamwali amachifuna, koma mbali imeneyo anaisiya kalekale.

Chenjezo limodzi kwa magulu atsopano: musavale zofanana ndi Gule Wamkulu kuti museketse anthu. M'midzi ya Lilongwe zimenezo si zoseweretsa, ndipo bwalo likhoza kutsekedwa tsiku lomwelo.

Pamafunika chilolezo?

Yambani ndi eni dera: amfumu, kapena abuloko lida m'madera a mutauni. Pitani nokha masiku angapo tsikulo lisanafike, osangotumiza uthenga pafoni. Ngati bwalo ndi la sukulu kapena mpingo, pemphani eni ake. Gulu likakhala lalikulu dziwitsani apolisi a m'deralo, ndipo pamsika lankhulani ndi komiti ya msika. Pewani nsalu ndi masikipa a mitundu ya zipani, makamaka chisankho chikayandikira. Ife tinatayapo tsiku lathunthu chifukwa cha chipewa cha wosewera mmodzi.

Nanga wina akaulula pabwalo pomwepo kuti nkhanzazo zikumuchitikira iyeyo?

Zimachitika, ndipo gulu losakonzekera zimenezi lisachite sewero la nkhanza. Munthu akayamba kunena kuti "ngati ine mwamuna wanga," wotsogolera amubwezere mofatsa kwa munthu wa m'sewero: "Tiyeni tikambe za mayi uyu kaye, inu ndi ine tionana tikamaliza." Si kumunyoza, n'kumuteteza ku makutu mazana awiri omwe mawa adzakhale akunena za iye pamjigo.

Tikamapita kokasewera timakhala ndi munthu mmodzi yemwe sasewera, ntchito yake n'kukhala pambali, pamalo poti wina angamufikire osaonekera. Iyeyo amadziwa komwe kuli ofesi yothandiza ozunzidwa kupolisi yapafupi, ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, bungwe la boma lopereka maloya kwa osauka la Legal Aid Bureau, ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission lomwe likulu lake lili mumzinda uno. Nkhani ikakhudza mwana, pali nambala yaulere ya 116. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira amene akumuzunza, ndipo ambiri sadziwa kuti zimenezi zilipo. Wogwiriridwa ayenera kufika kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV. Imeneyi timainena pa sewero lililonse lokhudza nkhaniyi, ngakhale palibe wafunsa.

Ife si apolisi kapena alangizi. Timaperekeza munthu pakhomo loyenera, ngati iye mwini wafuna.

Anthu akamangoseka pa nkhani yomvetsa chisoni, ndiye kuti sewero lalephera?

Osati nthawi zonse. Amalawi timaseka tikachita manyazi, timaseka tikazindikira kuti akunena ife. Kuseka kumeneko n'kwabwino. Koipa n'komwe wosewera amakufuna dala. Tinali ndi mnyamata waluso kwambiri yemwe ankasewera bambo woledzera womenya mkazi, akudzandira, buluku lili m'mawondo. Ana ankamutsatira mpaka pasiteji ya minibasi akumuyeserera. Palibe amene ankafuula "Imani!" chifukwa palibe amene ankafuna kuti asiye. Titamuuza kuti asewere ali wosaledzera, wovala bwino, wolankhula motsitsa ngati mkulu wa mpingo, bwalo linazizira, ndipo mayi wina anafuula sewero lisanafike n'pomwe timaimitsira.

Mupereka alawansi? Nanga zoziziritsa kukhosi?

Funso ili limabwera tisanatsitse n'komwe ng'oma. Sindinyoza wolifunsa: munthu wasiya ganyu kapena benchi lake la tomato kuti adzakhale nafe, ndipo anazolowera kuti galimoto ya bungwe ikafika pamakhala kusainira. Koma oonerera sitiwalipira. Munthu wolipidwa amayankha zomwe akuganiza kuti wolipirayo akufuna kumva, ndipo mudzamva bwalo lonse likuimba kuti nkhanza n'zoipa, wina aliyense akuyang'ana envulopu. Timanena poyera kumayambiriro kuti palibe cholandira, ofuna kupita apite. Amatsala ochepa, koma otsalawo amakangana zenizeni.

Osewera ndi nkhani ina. Amenewo akugwira ntchito, ndipo bungwe lomwe lawatuma liwalipire moyenera. Ndaona mabungwe akuwononga ndalama zambiri pa masikipa ndi zikwangwani, achinyamata omwe asewera padzuwa la mu October n'kupatsidwa ya minibasi yokha.

Pali vuto lina lobwera ndi ndalama za mabungwe lomwe silikambidwa mokwanira. Wopereka ndalama amafuna uthenga wake umveke, ndiye sewero limayamba kuloza chala anthu osauka okhaokha: ndinu osasamba m'manja, ndinu okwatitsa ana. Koma anthu akafunsa chifukwa chake mpopi wawo wakhala wouma mwezi wathunthu, kapena komwe zinapita ndalama za mlatho, wotsogolera amayang'ana wotchi. Ngati bwalo silingathe kufunsa a maudindo, limenelo ndi phunziro la m'kalasi lovala zovala za sewero.

Kunena zoona, zimasintha kanthu?

Sewero limodzi silisintha dera. Amene angakuuzeni kuti anasewera Loweruka, Lolemba nkhanza n'kutha, akulemba lipoti lopempha ndalama. Zomwe ndaona ndi maso anga n'zazing'ono: amfumu kulengeza kuti pamaliro aliwonse katundu azilembedwa pamaso pa mboni asanagawidwe; amayi a mzere umodzi wa nyumba za lendi kugwirizana kuti akamva kulira azituluka onse pamodzi, osati mmodzi; wapolisi yemwe tinamuitana kudzaonerera kuimirira n'kunena yekha pamaso pa anthu kuti belo salipiritsa, anthu n'kumuuza kuti tamva, tidzakukumbutsani.

Zoterezi zimachitika pokhapokha zokambirana zikathera pa ntchito yodziwika: ndani achita chiyani, pofika liti. Timazilemba papepala lalikulu n'kusiyira komiti ya m'deralo, ndipo timabwerako pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Nthawi zina timapeza pepalalo anakulungira usipa. Nthawi zina timapeza lili pakhoma kwa amfumu, mizere iwiri itachongedwa.

Magulu ambiri amangooneka pakati pa 25 November ndi 10 December, m'masiku 16 olimbana ndi nkhanza, chifukwa ndi pomwe ndalama zimatuluka. Nthawi imeneyo mvula yayamba, anthu ali kumunda, ndipo bwalo limadzaza ndi ana okhaokha.

Tikufuna kuyambitsa gulu kwathu. Tiyambire pati?

Anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu akwana, amuna ndi akazi, ndipo musakhale achinyamata okhaokha. Mayi mmodzi wachikulire m'gulu amatsegula makomo omwe inu simungawagogode. Ng'oma imodzi yoitanira anthu, zitenje ziwiri, chipewa, jekete lakale. Zokuzira mawu zimathandiza pamsika, koma zimapangitsa kuti wogwira maikolofoni yekha ndiye amveke, ndiye kumudzi ife timazisiya. Sewero lisapitirire mphindi 15, chifukwa nthawi yambiri ndi ya oonerera. Poyeserera, limbikirani kwambiri pa wosewera mbali ya wopondereza: mumuponyere mayankho osiyanasiyana kuti azolowere kuyankha zomwe sanayembekezere, osagonja msanga komanso osauma mutu mpaka kutsekereza njira zonse. Pezani wina wodziwa malamulo kuti aone ngati zomwe mukanene n'zoona, chifukwa lamulo lonenedwa molakwika pabwalo limayenda mtunda wautali.

Nthawi yabwino ndi kuyambira May mpaka September, anthu atakolola, cha m'ma 2 koloko masana, kuti amayi akhale atatsuka mbale za nkhomaliro koma asanayambe za madzulo. Ikani anthu mozungulira, ana kutsogolo, dzuwa lisawawombe m'maso. Ndipo m'mawa wa tsikulo imbirani foni amfumu kufunsa ngati m'mudzi mwadzuka bwino. Kukagwa maliro sewero palibe. Ngati mwafika kale, siyani ng'oma m'galimoto, amuna mukakhale ndi amuna anzanu panja, amayi mulowe m'nyumba ya siwa, ndipo za tsiku lina mukambirane ndi amfumu mwambo ukatha.